Thobwa la pa Maliro a a Kambalame Silinali la Alendo Ako, Terence

Terence, mwini wake wa Nyambita Tours, uja amayenda ndi alendo m'malokeshoni kuwalawitsa zakudya za m'misewu, watichititsa manyazi ine ndi amayi anga pamaso pa Kawale yense. Anatenga alendo n'kulowa nawo pa maliro. Anawauza kuti ndi malo odyera. Anawamwetsa thobwa la anamfedwa, anajambula, n'kuponya pa intaneti ndi kanyimbo pamwamba. Sindinachite kumva kwa anthu. Ndinalipo, ndinali kasitomala wake. Ndiye werengani, makamaka inu ogulitsa zakudya m'mbali mwa msewu, chifukwa mawa afika pa benchi yanu.

Ine ndine Mada. Ndinabadwira ku Kawale, pano ndikuchita lendi ku Chinsapo. Ndimagwira ntchito pa shopu ya matailosi, kunyamula makatoni ndi kukweza m'magalimoto. Sukulu ndinalekezera panjira, zimenezo sindibisa. Abwana anga ndi mayi wa Chitchaina, timangowatchula Madamu. Mwezi uno kunabwera bambo awo kudzawaona, a Wu, madala aafupi, a imvi, oyenda pang'onopang'ono. Chingerezi sadziwa, Chichewa ndiye musanene. Madamu anandiuza kuti madalawo moyo wawo wonse ankagulitsa zakudya mumsewu kwawo, ndipo mumzinda wa kwawoko muli anthu amene ntchito yawo ndi kutenga alendo n'kuyenda nawo m'timisewu ta kuseri, kulawa apa, kulawa apo. Akuti za m'hotela atopa nazo. Akufuna adye zimene timadya ifeyo.

Ndinati Madamu, imeneyo si nkhani, ndiwatenga ndekha. Anati ayi, mukalankhulana bwanji? Pafunika munthu wodziwa chinenero chawo. Fufuza.

Ndinafufuza, ndinapeza peji ya Terence. Analembapo kuti anaphunzira ku China, Chitchaina amachita kuchitafuna. Koma chimene chinandikoka ine si chimenecho. Pa chithunzi chachikulu cha pejiyo panali a Kambalame, ataima pa chiwaya chawo, akuseka, chipande m'manja. Aliyense wokulira ku Kawale a Kambalame amawadziwa. Tchipisi chawo ndi kanyenya wa mbuzi ndi zimene zinatilera ife. Ukafika uli wopanda kanthu m'thumba ankakutukwana kaye, kenako n'kukukolowolera tokhalira m'mphepete mwa chiwaya. Ndinati munthu amene akuwadziwa a Kambalame ndiye kuti chakudya amachidziwa. Ndinauza Madamu kuti uyu ndi dolo. Analipira ya madala ndi yanga. Mtengo wake musandifunse, mungakomoke.

Tsiku lake linali Loweruka. Anati tikumane m'mawa pa malo omwetsera mafuta ku Biwi. Tinafika ine ndi madala. Panafika atsikana awiri achizungu, nawonso makasitomala. Terence palibe. Dzuwa linakwera mpaka madala anakhala pa tayala lakutha. Ndikaimba, akuti, “Ndili pafupi, man.” Ndikaimbanso, “Ndikukuonani, man.” Umationa uli kuti, kumwamba?

Atafika sanapepese. Kapusi yotembenuza, magalasi akuda, kasipika kolendewera m'khosi, kambendera kachikasu m'manja. Anatimata tonse timapepala tachikasu pachifuwa, tolembedwa Nyambita, akuti tisasochere. Ine kusochera ku Biwi?

Kenako anapereka moni wa Chitchaina. Madala anasangalala, nkhope inawala, anayankha chiganizo chachitali ngati munthu wapeza m'bale wake kuchilendo. Terence anamwetulira, anatulutsa foni, n'kuiloza kukamwa kwa madala kuti abwereze, foniyo imasulire. Ku China kumene anaphunzira ndi kumeneko? Foni ndili nayo inenso, aise.

Ndinameza. Ndinati mwina chakudya akuchidziwa.

Poyamba tinaima pa amayi ena a zitumbuwa, kuseri kwa mashopu a sipeya. Amayi aakulu ndithu, msinkhu wa amayi anga. Moni sanawapatse. Anangoloza beseni n'kuyamba kulalata Chingerezi pa kasipika kaja, ngati amayiwo ndi chikwangwani. Anagula zitumbuwa ziwiri anthu asanu. Anazidula tizidutswa ndi kampeni, n'kubaya totokosera m'mano. Chitumbuwa kudya ndi kotokosera m'mano, chinayamba liti? Madala anaponya kachidutswa kawo mkamwa, anagwedeza mutu, analoza beseni kuti akufuna china. Terence anati ayi, nthawi, sungani malo m'mimba, shasha wa tchipisi ali kutsogolo. Ndinawagulira ine chathunthu, chotentha. Anadya atatsinzina. Amayi aja anaseka, anati, “Agogowa ndiye akudziwa kudya.”

Tinakwera minibasi mpaka ku Kawale. Titatsika ndinaona kuti china chake chalakwika. Loweruka masana mzere wa ziwaya umakhala utsi wokhawokha, mafuta akulira, anthu akukanganirana mchere ndi tsabola. Tsiku limenelo kunali zii. Chiwaya cha a Kambalame chovundikira, chozizira. Mabenchi miyendo m'mwamba. Amayi a mang'ina kulibe. Wa chimanga chootcha kulibe. Wa zigege kulibe. Mzere wonse.

Ndinafunsa wakabaza wina amene anatsamira njinga yake pa khoma. Anandiyang'ana, anayang'ana kapepala ka pachifuwa panga, anati, “Simunamve, achimwene? A Kambalame atisiya Lachinayi. Thupi likubwera lero kuchokera ku chipatala. Onsewa ali kusiwa.”

Ndinaima ngati andimenya ndi thabwa. Sabata imeneyo ku Kawale ndinali ndisanapondeko, ndipo foni ya amayi anga inafa kalekale. Sindinamve kanthu.

Ndinamukokera Terence pambali. Ndinati, “Aise, a Kambalame amwalira.”

Anati, “Kambalame ndi ndani?”

Ndinati, “Amene ali pa chithunzi cha peji yako.”

Anati, “Ooh, mkulu wa tchipisi uja. Eish. Ndiye tidya kuti?”

Mwamva? Munthu amadyera nkhope ya a Kambalame, waiika pa peji, pa timapepala totsatsa, paliponse, koma dzina lawo salidziwa. Nambala yawo analibe. Sanaimbe n'komwe dzulo lake kuti madala, ndikubwera ndi alendo. Munthu wamwalira, funso lake loyamba ndi lakuti tidya kuti.

Ndinati tiyeni tibwerere, kapena tipite ku Kaliyeka, ndikudziwa anthu kumeneko, kanyenya aliko, mbatata yokazinga iliko. Anati ayi, azunguwa alipira Kawale, akufuna Kawale. Anaponya maso uku ndi uku, anaona utsi ukukwera kuseri kwa nyumba za kumunsi. Anati, “Apo pakuphikidwa kanthu.”

Ndinati, “Pamenepo ndi pa maliro.”

Anati, “Tingodutsa, man. Aone m'mene anthu amakhalira.”

Ndinati, “Sitidutsa. Nthambi zili pa msewu apo, sukuziona?”

Anatsitsa magalasi, anandiyang'ana kuyambira ku masilipasi mpaka kumutu, anati, “Gayidi ndi ndani pano, iwe kapena ine? Iwe ntchito yako n'kugwira madalawo dzanja.”

Anakweza kambendera kaja n'kuyamba kuyenda. Atsikana aja pambuyo pake. Madala nawonso, poti mwana wawo anawauza kuti azitsata mbendera. Ndinawagwira mkono, ndinagwedeza mutu, ndinayesa kulozaloza, ndinatseka maso n'kupinda manja pachifuwa ngati munthu wakufa. Anaganiza kuti ndikuwafunsa ngati atopa. Anaseka, anandisisita paphewa, anapitiriza. Ndikanatani? Kuwanyamula? Kuwasiya okha m'manja mwa munthu uyu, ndikawauza chiyani Madamu?

Inu nonse mukudziwa. Mwana wa sukulu ya mkaka amadziwa. Nthambi zikakhala pa msewu, wanjinga amatsika, wagalimoto amachepetsa liwiro n'kuzimitsa wailesi, wachipewa amavula. Ngakhale chidakwa chimasiya kuimba. Musandiuze kuti Terence sadziwa. Ndi Mmalawi, kwawo anthu amafa. Anadziwa, koma anaona kuti alendo ayamba kufunsa za chakudya chimene analipira.

Analumpha nthambi zija kapusi ili kumutu, kasipika kakulira.

Ine ndi madala timayenda pang'onopang'ono, ndiye pamene timakhota pa ngodya n'kuti iye atadutsa kale azibambo amene anakhala pansi pa tenti, osawapatsa moni, n'kuzungulira kuseri kwa nyumba kumene amayi amaphika. Mwamuna wamkulu, kukaima pakati pa amayi pa maliro. Ndinamumva ndi makutu angawa akuuza atsikana aja kuti iyi ndi khitchini ya anthu a m'dera, Loweruka lililonse amayi amasonkhana kuphikira limodzi, alendo ambiri safika kuno, inu muli ndi mwayi. Chingerezi changa n'chothyoka koma bodza ndimalimva m'chinenero chilichonse.

Anatenga makapu pa thebulo, anatunga thobwa mu ndowa yekha, wosapempha, n'kugawira atsikana aja. Ina anapatsira madala. Dzanja linalo foni ili m'mwamba, ikujambula. Amayi aja anasiya kuphika. Wina anagwira pakamwa. Ena anaganiza kuti mwina ndi anthu a bungwe lina lake amene ankadziwana ndi malemu.

Ndipo pa ndowa ya thobwayo panali amayi anga.

Amayi anga, a Nachisale, pa maliro aliwonse a m'dera lathu ndi amene amayang'anira kuphika. Ndisanabadwe anali akuchita kale zimenezo. Uthenga ukangomveka, amamanga chitenje, amatenga mpeni wawo, amapita. Ndi amene amadziwa kuti nyemba zikwana kapena ayi, kuti adzukulu okumba manda adye nthawi yanji, kuti namfedwa wamwa kanthu kapena sanamwe. Alibe galimoto, alibe nyumba ya mpanda. Ulemu wawo ku Kawale ndi umenewo basi.

Anayang'ana Terence. Anayang'ana azungu. Kenako anandiona ine. Maso awo anatsikira pa kapepala kachikasu pachifuwa panga, kofanana ndi ka Terence.

Anati, “Mada, anthu awa wabwera nawo ndiwe?”

Sanakweze mawu. Koma amayi onse anamva.

Ndisanayankhe, kunamveka nyimbo ya maliro kumsewu. Galimoto yonyamula thupi inali italowa. Amayi a m'nyumba ya siwa anayamba kulira, kulira kwenikweni kuja kumene kumakulowa m'mafupa. Akazi a malemu anatuluka atagwiridwa mbali zonse, chitenje chili kumutu. Mukudziwa chimene Terence anachita? Anatembenuza foni n'kuwalozetsa iwowo.

Apo ndiye atsikana aja anazindikira. Wina anaika kapu pansi n'kuyamba kulira. Madala a Wu anayang'ana bokosi likutsitsidwa, anayang'ana kapu imene inali m'manja mwawo, anaiika pa thebulo mwakachetechete. Anavula chipewa. Anawerama katatu kuyang'ana bokosilo. Munthu wochokera kutsidya kwa nyanja, wosamva liwu limodzi la Chichewa, sanafunike foni kuti imumasulire.

Anyamata a pa ziwaya anaimirira pa tenti paja. Ndikuwadziwa onse, ena ndinasewera nawo mpira. Nkhope zawo zinali zoti wina agona ku chipatala lero. Ine ndinali nditafika kale pa Terence, ndamugwira kolala. Achimwene awo a malemu, bambo aatali a jekete lakuda, ndi amene anatiletsa. Anati, “Pa maliro a mng'ono wanga pasakhetsedwe magazi. Tulukani. Iwenso mwana wa a Nachisale, tuluka nawo anthu akowa.”

Anthu akowa. Anga ine.

Terence atangomasuka anathamangira kumsewu, anadumphira kabaza ya moto, ulendo. Anasiya makasitomala ake onse pamenepo. Kambendera anakataya mu ngalande. Ndine amene ndinatulutsa azungu awiri olira ndi madala mmodzi mu Kawale, kuwakweza minibasi, kuwafikitsa kumene amagona. Gayidi wa ndani tsopano?

Lamulungu ndinapita kukaika maliro. Ndinalawirira kumanda kuti ndikathandize kukumba, monga timachitira. Ndinatambasula dzanja kuti andipatse fosholo, mnzanga wa kuubwana anaidutsitsa pa ine n'kupatsa wina. Palibe amene ananditukwana. Bola akananditukwana. Ndikakhala pa benchi, anthu amasunthira uko.

Koma zanga ndi zazing'ono. Amayi anga atafika kuseri kwa nyumba ndi mpeni wawo, amayi anzawo anawauza kuti, “A Nachisale, lero pumulani kaye, tiphika ife.” Anawayalira mphasa patali, pafupi ndi bafa. Anakhala pamenepo tsiku lonse, mpeni uli pamiyendo, akuona ena akugawa ndiwo.

Madzulo ake ndili kunyumba kwa amayi, kunabwera mwana wamkazi wa a Kambalame, maso otupa, foni m'manja. Sanalowe. Anaima pakhomo, anati, “Mada, taona ichi.”

Vidiyo. Terence anali ataiponya kale pa peji yake. Kanyimbo kovinika pamwamba. Mawu olembedwa akuti chuma chobisika cha ku Kawale, bwerani mudzalawe nafe. Amayi anga akuoneka bwinobwino pa ndowa ya thobwa, ine ndili kumbuyo ndi kapepala kanga kachikasu. Bokosi analidula, wochenjera. Koma akazi a malemu anawasiyamo, chitenje kumutu, manja m'mwamba. Ndi kanyimbo kaja, munthu wosadziwa akhoza kuganiza kuti akuvina. M'makomenti anthu akunja akuika timitima.

Mtsikanayo anati, “Amayi sanaione. Ikawapeza, sindikudziwa.” Anatinso abambo aakulu, achimwene a malemu aja, anena kuti chinthucho chichoke, ndipo mwini wake abwere yekha adzapepese pakhomo. Zikapanda kutero, banja lathu lisapondenso pakhomo pawo.

Atapita, amayi anga anakhala pansi. Kenako anati, “Ine ndikadzagona, adzasonkhe moto pakhomo pano ndani?”

Amayi anga sadandaula. Bambo atamwalira sanadandaule. Ine nditasiya sukulu sanadandaule. Tsiku limenelo ndi limene ndinawamva akufunsa funso lotere, chifukwa cha munthu wa kasipika m'khosi.

Ndinadzuka kuti ndizipita. Anandigwira malaya, anati, “Ndikukudziwa iwe. Ukakamumenya, ukandiwonjezera manyazi. Lumbira.” Ndinalumbira.

Tsopano imvani m'mene Nyambita Tours imasamalira kasitomala.

Lolemba ndinaimba. Osayankha. Ndinaimbanso. Kudula. Ndinalemba uthenga kuti chotsa vidiyo ija, ndi maliro. Kunabwera yankho la makina lakuti zikomo posankha Nyambita, tipatseni nyenyezi zingati. Nyenyezi? Ndinalemba pansi pa vidiyo pomwepo kuti anthu inu awa ndi maliro a a Kambalame, mayi akuoneka apowo amuna awo ali m'bokosi. Pasanathe nthawi komenti yanga inafufutidwa, ine n'kutsekeredwa kunja kwa peji. Ndiye kuti foni anali nayo m'manja. Kufufuta komenti nthawi anali nayo, kufufuta vidiyo analibe.

Ndinabwereka foni ya mnzanga wa ku shopu. Anayankha mtsikana wa mawu a m'mphuno. Akuti abwana ali mu mitingi. Ndinati mitingi ya chiyani, ya zitumbuwa ziwiri? Akuti ngati muli ndi dandaulo tumizani imelo. Ndinati mayi anga awakhazika pa mphasa pafupi ndi bafa, imelo ikawadzutsa? Akuti pepani kwambiri ndi zimene mwakumana nazo, tikhoza kukuchotserani mtengo pa ulendo wotsatira. Ulendo wotsatira wopita ku maliro a ndani?

Ndinafunsa kuti ofesi yanu ili kuti. Anandiuza malo ena ku Area 47. Madamu anandipatsa chilolezo, poti bambo awo anali atawafotokozera zonse ndipo anakwiya kuposa ine. Ndinapita. Ofesi yake ndi malo omwera khofi. Wogulitsa khofiyo anati, “Aja a kapusi? Amakhala pa thebulo la pakona apo akafuna intaneti yaulere. Sabata ino sanabwere.”

Lachinayi Terence anandiimbira yekha, mwina ataona kuti Madamu nawonso ayamba kumusaka. Mawu ofewa. Akuti man, tiyeni tikhale anthu aakulu. Akuti vidiyo ija ikuyenda bwino kwambiri, sanaonepo ina ikuyenda choncho, ikaichotsa peji igwa. Akuti ukuona ngati ndalakwa koma ndikuitchukitsa Kawale, mawa amayi ajawo apeza makasitomala. Makasitomala a chiyani? Amagulitsa maliro? Akuti palibe amene anakana kujambulidwa. Ndinati mayi amene akulandira thupi la mwamuna wake umafuna aime kaye akuuze kuti usandijambule? Akuti chabwino, ndikhoza kuphimba nkhope ndi timitambo. Ndinati chotsa. Akuti ndiganiza kaye, n'kudula.

Ndinalumbira kwa amayi kuti sindimumenya. Sindinalumbire kuti sindimupeza.

Loweruka linalo ndinalawirira ku Biwi, pa malo omwetsera mafuta aja. Anabwera, mochedwa ngati kale, kambendera katsopano, alendo atsopano, banja lina la azungu ndi ana awo. Atandiona anachita ngati sakundidziwa. Ndinawatsatira chapatali mpaka pa amayi a zitumbuwa aja, manja anga ali m'thumba, ndawatsekera momwemo.

Nkhani m'tauni muno imayenda. Amayi aja atamuona akubwera, anatenga nsalu n'kuvundikira beseni lawo. Terence analoza, anayamba Chingerezi chake. Amayiwo anati, “Lero sindigulitsa.” Anati amayi, zitumbuwa zili apo ndikuziona. Anati, “Zilipo. Kwa inu sindigulitsa. A Kambalame tinkagula nawo mafuta malo amodzi.”

Akabaza anayamba kuyandikira. Amakanika anatuluka m'mashopu, masipanala m'manja, osati kuti amenye munthu, ntchito yawo ndi imeneyo. Koma Terence anatuluka thukuta.

Ndinapita kwa bambo wachizungu uja, ndinamuonetsa chithunzi cha a Kambalame pa kapepala kotsatsa kamene anali nako m'manja. Ndi Chingerezi changa chothyokachi ndinamuuza kuti bambo awa anamwalira, uyu anajambula maliro awo n'kunena kuti ndi malo odyera, mayi akuoneka mu vidiyo akulira mwamuna wawo, winayo ndi mayi anga. Sindikudziwa kuti ndinaphwanya malamulo angati a Chingerezi, koma anamva. Anatembenukira kwa Terence n'kumufunsa ngati ndi zoona. Terence anayamba zoti pali kusamvana pang'ono. Mkazi wa mzunguyo anachotsa timapepala tachikasu pa zifuwa za ana ake.

Terence anaichotsa vidiyo ndili pomwepo. Ndinamuuza kuti alowenso mu foni momwe amasunga, achotsenso momwemo, ndikuona. Anachotsa. Chithunzi cha a Kambalame pa peji, nachonso. Kenako anapumira m'mwamba, anamwetulira, n'kunditambasulira dzanja. Anati, “Basi man, zatha eti? Tili bho?”

Sizinathe. Ndikulemba izi patadutsa masiku, Terence ku Kawale sanapondeko. Vidiyo yachoka, inde, akazi a malemu sanaione, pamenepo ndikuthokoza Mulungu. Koma abambo aakulu ananena zinthu ziwiri, ndipo chachiwiri sichinachitike. Dzana kwagwa maliro ena kumtunda kwa msika, a mwana. Amayi anga anamva kulira, anamanga chitenje, anatenga mpeni wawo, anafika pa chitseko, n'kubwerera kukakhala pansi. Palibe amene anabwera kudzawaitana.

A Wu okha ndi amene anapita kukapepesa pakhomo pa a Kambalame. Anauza mwana wawo kuti awaperekeze, ine ndinawatsogolera. Anakakhala pa benchi ndi azibambo chipewa chili pa bondo mpaka dzuwa kupendeka. Abambo aakulu anawagwira chanza ndi manja awiri. Koma anandiuza kuti, “Mlendo sanalakwe. Tikudikira wolakwayo.”

Ndiye inu a ziwaya, a zitumbuwa, a mang'ina, a thobwa, ku Biwi, ku Area 23, ku Mgona, ku Area 25, munthu wa kapusi ndi kambendera kachikasu akafika pa benchi yanu, mufunseni kaye dzina lanu. Akalephera, vundikirani beseni. Ndipo mumukumbutse zimene ndinamuuza tsiku lija, chifukwa dzanja lake sindinalilandire. Manja anga anakhalabe m'thumba. Ndinamuyandikira mpaka ndinadziona ndekha m'magalasi ake, ndinati:

“Sitili bho, Terence. Dzanja limenelo ukawapatse akazi a a Kambalame, utagwada, kapusi utavula. Ukachoka apo ukaime pamaso pa amayi a m'dera lathu, uwauze ndi pakamwa pako kuti a Nachisale sanakuitane, ndipo mwana wawo anakuletsa. Njira ukuidziwa, unaipeza wekha potsata utsi. Ukapanda kubwera, palibe chimene ndingakuchite, ndinalumbira kwa amayi anga. Koma kwanunso kudzagwa maliro tsiku lina. Ndidzamva, ndipo ndidzabwera. Foni ndidzaisiya kunyumba. Ndidzatsika njinga pa nthambi, ndidzavula chipewa, ndidzakumba nawo manda a m'bale wako mpaka manja atatupa. Iwe udzakhale pamenepo uzidzandiyang'ana.”